Nkhanga Zinapangana Kusanapse

Pa 9 Okutobala 2023, m'tauni ya Half Moon Bay ku California, anthu anakweza dzungu limodzi pasikelo ndi makina onyamulira katundu, sikeloyo n'kukaima pa makilogalamu 1,247. Mwini wake, Travis Gienger, anachoka nalo pagalimoto kwawo ku Anoka m'chigawo cha Minnesota. Kuti mumve bwino, ana inu, amenewo ndi matumba a chimanga a makilogalamu 50 pafupifupi 25, koma onsewo m'khungu limodzi, pa tsinde limodzi. Oona zithunzi zake amagwira pakamwa n'kuyamba kufunsa za mbewu ndi za feteleza. Ine nkhalamba maso anga amathamangira kwina. Ndikaona chithunzi cha munda wa maungu a mpikisanowa ndimasuzumira pansi pa masamba, ndipo chimene ndimapezapo ndi dothi lakuda lokhalokha, lopanda ndi kaudzu komwe. Aliyense wogwirapo khasu akudziwa kuti nthaka yonona, yomwa madzi tsiku ndi tsiku, sikhala yosesa chonchi mwamwayi.

Masewerawa si a dzulo. Mu 1904 William Warnock wa ku Goderich m'dziko la Canada anapita ndi dzungu la makilogalamu 183 ku chionetsero cha ku St. Louis, ndipo panapita zaka zoposa 70 popanda womuposa. Amene anatsegula chitseko ndi Howard Dill, mlimi wa ku Windsor, Nova Scotia, yemwe anatha zaka zambiri akusankha nthanga za maungu aakulu okhaokha mpaka anapeza mtundu umene anautcha Atlantic Giant. Mu 1981 lake linafika makilogalamu 224. Mu 2012 Ron Wallace wa ku Rhode Island anafikitsa 911. Zimphona za masiku ano pafupifupi zonse ndi zidzukulu za nthanga za Dill, ndipo alimi amagulana nthangazo pozitchula ndi kulemera kwa dzungu lomwe zinachokamo pamodzi ndi dzina la yemwe analilima.

Dzungu lotere salidzala monga timachitira ife, kuponya nthanga pachulu kapena m'mbali mwa mzere wa chimanga n'kuiwalako mpaka tsiku lofuna nkhwani. Nthanga amaimeretsa m'nyumba mu Epulo kunja kukadali chisanu, n'kuwokera kumayambiriro kwa Meyi m'kanyumba ka pulasitiki. Chomera chimodzi amachipatsa bwalo lakelake, ambiri mamita 8 kapena 9 mbali zonse, ndipo pa zipatso zonse zimene chikanabala amasiyapo chimodzi. Tsinde lalikulu amaliwongolera kutsogolo, nthambi n'kuzitambasulira uku ndi uku. Tsono nkhani yonse ili pamfundo. Paliponse pamene patuluka tsamba, tsinde likakhudza dothi lonyowa limatsitsa mizu yatsopano. Podziwa zimenezi, mlimi amakumba kangalande kosaya kutsogolo kwa nthambi iliyonse, nthambiyo ikayangamo iye n'kuikwirira, kuti mfundo iliyonse ikhale ndi pakamwa pakepake. Pofika mu Julayi bwalo lonse lasanduka mizu, yambiri ili pamwambamwamba, yoti kungopalasa ndi chala waipeza. Mizu imeneyi ndiyo imamwetsa chipatso chimene pa masiku ake amphamvu chimawonjeza makilogalamu 15 mpaka 20 pa tsiku limodzi. M'munda wotere mwini wake yemwe saponda dothi. Amayala matabwa n'kumayenda pamwamba pake kuti nthaka isagangatike.

Akuluakulu anati mbalame ikakhala pauta silasika. Udzu womera pakati pa mizu imeneyi wakhala pauta. Mukatsitsa khasu mwadula mizu ya dzungu. Mukati muzule ndi manja utakhwima kale, umabwera ndi chibuma chonse, mizu yoyera ya dzungu ili lendelende m'menemo. Mukati muusiye, ukudya nawo chakudya, ukutseka mpweya pansi pa masamba pamene matenda amakonda chinyezi, ndiponso ukusunga nsabwe zimene zimasamutsa mavairasi kuchoka kutchire kudza pa dzungu. Njira zonse zitatu n'zoluza. Choncho mlandu wa udzu uyenera kutha dzungu lisanayange, ndipo ochenjera amauthetsa udzuwo usanatulutse n'komwe mutu.

Nthawi yovuta ndi yochokera mu Meyi mpaka kumayambiriro kwa Julayi. Kam'mera kali pakona, masamba ake ochepa, koma bwalo lonse lili poyera, ladzaza manyowa, likuthiriridwa, dzuwa la kumpoto likuwala mpaka usiku. Walira mvula walira matope. Zonse zimene mlimi wakonzera dzungu lake wakonzeranso alendo osaitanidwa, ndipo alendowo sachokera patali. Ali kale m'nthakamo, akugona.

Za kugona kwa njere za udzu, munthu amene anatiphunzitsa kwambiri ndi William James Beal, mphunzitsi wa za zomera pa sukulu ya ulimi ya ku Michigan, imene lero ndi Michigan State University. Alimi a nthawi yake ankafunsa funso limene inunso munafunsapo msana ukuwawa: kodi ndidzapalira mpaka liti kuti udzu uleke kumera? Mu 1879 Beal anatenga mabotolo 20, m'botolo lililonse n'kuikamo mchenga wosakaniza ndi njere za mitundu yoposa 20 ya zomera, mtundu uliwonse njere 50. Anawakwirira pansi osatseka, kukamwa kutaloza chakunsi kuti madzi asadikhemo. Poyamba ankafukula botolo limodzi zaka zisanu zilizonse, kuthira mchengawo m'mbale, kuthirira, n'kuona chomwe chimere. Pambuyo pake ena anapitiriza, n'kutalikitsa nthawi yofukula kufika zaka 10, kenako 20. Njere za mtundu wina wa bonongwe, umene alimi a ku America amadana nawo koopsa, zinamerabe zitagona zaka 40. Za zomera zina zinafika zaka 80. Mu Epulo 2021 anthu a pasukulupo anafukulanso botolo lina, usiku, kuti kuwala kusadzutse njere za m'mabotolo otsala, ndipo njere za chomera chotchedwa Verbascum blattaria zinamera, zitakhala pansi zaka zoposa 140. Malo a mabotolowo ndi chinsinsi cha anthu owerengeka, opatsirana mapu wina akamakalamba.

Ndikaganiza za mabotolo a Beal ndimakumbukira kuti nkhuyu zodya mwana zipota akulu. M'munda zimayenda chobwerera: udzu umene agogo anaulekerera kuti ubale njere ndi umene ukupota mdzukulu. Tsinde limodzi la bonongwe wa kumeneko, likapeza nthaka yabwino, limatha kuwaza njere zoposa 100,000. Munthu wolima zimphona akamayang'ana bwalo lake mu Meyi ayenera kudziwa kuti waponda pa nkhokwe ya njere, ndipo nkhokweyo siingathe m'chaka chimodzi ngakhale atapalira usana ndi usiku.

Mwayi wake ndi uwu. Njere zing'onozing'onozi sizimera zili pakuya. Zambiri zimadzuka zikakhala m'kati mwa masentimita 5 a pamwamba, pamene pali mpweya, kutentha kosinthasintha ndi kuwala. Zapansi zimangodikira. Chimene chimazikweza ndi khasu lathu lomwe, kapena makina ogalauzira. Nthawi iliyonse mukatembenuza dothi mozama, mwapha udzu wa lero n'kudzala wa mawa. Mitundu yambiri imangofuna kuthwanima kwa dzuwa kwa kamphindi kuti idziwe kuti yafika pamwamba. Mu 1990 ofufuza awiri a ku Germany, Hartmann ndi Nezadal, analemba kuti minda yolimidwa mumdima inamera udzu wochepa poyerekeza ndi yolimidwa masana. Ena oyesa pambuyo pawo anapeza kuti zimasiyana malinga ndi mtundu wa udzu ndi nyengo. Kwathu kuno munthu wopezeka akugalauza pakati pa usiku sindikudziwa kuti angafotokoze zotani kwa amfumu, koma phunziro lake likumveka: dothi losasokonezedwa limagonetsa njere zake.

Apa ndi pamene alimi odekha amachita zimene munthu wothamanga angaziyese uchitsiru. Amagalauza kamodzi, msanga, kusalaza bwalo ngati akudzala lero, n'kulithirira, koma osadzalamo kanthu. Akuitana udzu dala. Pakatha sabata kapena masiku khumi, dothi limayamba kuoneka mbuu ndi timasamba tiwiritiwiri tosaoneka bwino munthu ataima. Mukagwada n'kupalasa ndi chikhadabo, mupeza kuti kaudzu kalikonse kangokhala ndi kamuzu kamodzi, kaulusi koyera. Pa msinkhu umenewu sikafuna mphamvu. Kakhasu kopepuka kongopala sentimita imodzi kapena masentimita awiri, pa tsiku la dzuwa, kamagwetsa zikwizikwi pa mphindi zochepa, ndipo pofika masana tauma. Ena safuna n'komwe kukhudza dothi, amadutsapo ndi lawi la gasi, osati kuti awotche mpaka phulusa, kungowaula kuti timasamba tifote. Akatero amathiriranso, kudikira gulu lachiwiri, n'kulichita chimodzimodzi. Akabwereza kawiri kapena katatu popanda kukumba mozama, njere za pamwamba zatha, zapansi sizinakwere. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wolakwa pa njira imeneyi ndi uja amene, poona kuti bwalo layera, amati aligalauzenso komaliza kuti lifewe; watembenuza nkhokwe, wayambira pachiyambi.

Ena amagwiritsa ntchito lona lakuda la pulasitiki, lija alimi a ng'ombe amafunditsira zakudya za ziweto. Amathirira bwalo, kuyala lonalo, kutsendereza m'mbali ndi matumba a mchenga, n'kulisiya milungu itatu kapena kuposerapo. Pansi pake pamafunda, pali chinyezi, njere zimanyengeka n'kumera, koma kuwala kulibe, ndiye timbewuto timatuwa n'kufa. Ubwino wake kwa wolima dzungu ndi wakuti sachita kuvundukula lonse tsiku limodzi. Amalipinda pang'onopang'ono, mita imodzi lero, ina sabata yamawa, kutsogolo kwa nsonga za nthambi. Dothi likamaonekera, masamba a dzungu afika kale kudzaliphimba ndi mthunzi wawo. Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Mlimi uyu akuonetsetsa kuti udzu uyambe mochedwa, dzungu lili patsogolo. Palinso pulasitiki yoonekera mkati, imene Jaacov Katan ndi anzake ku Israel anaonetsa m'zaka za m'ma 1970 kuti ikayalidwa pa dothi lonyowa miyezi yotentha imaphika njere ndi tizilombo toyambitsa matenda. Koma kumaiko ozizira miyezi yotenthayo ndi yomweyo dzungu limafuna bwalo, motero njirayi imathandiza amene ali ndi malo awiri, ena akulima ena akupuma.

Tsono pali botolo la kusitolo, ndipo pamenepa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mankhwala oletsa udzu kumera alipo, ndipo amagwira ntchito. Alimi a mahekitala ambiri a maungu wamba, aja amagulitsidwa pa chikondwerero cha Halloween, amapopera mankhwala monga ethalfluralin ndi clomazone akangodzala, mvula kapena madzi othirira n'kuwalowetsa m'dothi la pamwamba. M'masitolo a zamaluwa mulinso timibulu ta trifluralin, m'bale wake wa ethalfluralin, towaza ndi manja. Kwa munthu wa mahekitala 50 ndilibe mawu, sangagwade ponseponse. Koma funsani kuti mankhwala a banja la trifluralin amapha bwanji. Njere saiwononga. Amadikira kuti imere, n'kuletsa timaselo ta kunsonga ya muzu kugawikana, muzuwo n'kukhala waufupi, wotupa, wosamwa madzi. Amakhala m'masentimita apamwamba kwa milungu ingapo, nthawi zina miyezi, akudikira muzu uliwonse wanthete wodutsapo. Nanga ndi muzu wanji wanthete umene wolima chimphona akuufunitsitsa, m'dothi lomwelo la pamwamba, milungu yomweyo? Ndi uja wa pamfundo. Dothi limene wawazamo mankhwala ndi lomwe adzakokere pa nthambi pokwirira. Mankhwala sadziwa kuti uwu ndi muzu wa bonongwe, uwu ndi wa dzungu la abwana. Mapanga awiri avumbwitsa: simungafune dothi lokana mizu ndi dothi loitana mizu pa malo amodzi. Chomera sichiuma kuti mudziwe kuti mwalakwa. Chimakhala chobiriwira, chimabala, koma pasikelo chimaperewera, ndipo mwini wake amadzudzula nthanga kapena nyengo. Ngati munthu waumirira botolo, malo ake ndi m'mphepete ndi m'tinjira kumene nthambi sizidzafika, atawerenga pepala lake lonse, pakuti safunsa anadya phula.

Oopa mankhwala a m'fakitale amathamangira ku ufa wachikasu wotchedwa corn gluten meal. Amenewa si madeya athu a kuchigayo. Ndi zotsalira chimanga chikachotsedwa sitachi m'mafakitale aakulu, zodzaza ndi mapuloteni, zimene kale zinkangopita kwa ziweto. Nick Christians wa ku Iowa State University anazindikira m'zaka za m'ma 1980, akufufuza za matenda a kapinga wa m'mabwalo, kuti zimalepheretsa mizu ya njere zongomera kumene, ndipo mu 1991 analembetsa zimenezi kukhala zake mwalamulo. Kumva kuti ndi chimanga chabe, mtima umakhala pansi. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ufawu umafuna kuti ukanyowa kamodzi patsatire masiku ouma, kuti kaudzu kopanda muzu kafe ndi ludzu. Bwalo la chimphona siliuma. Mukapitiriza kuthirira, kaudzuko kamachira, ndipo popeza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a ufawo ndi nayitirojeni, mwagula feteleza wa udzu pa mtengo wa mankhwala. Ofufuza ena amene anauyesa m'madera a mvula yambiri sanaone kusiyana kwenikweni. Kuuthira ngati chakudya cha dzungu, mutawerengera nayitirojeni wakeyo, palibe choipa. Kuudalira kuti ukupalirireni ndiko kugona panjira.

Ndisabise, pali chimene chimandiseketsa pa nkhondo yonseyi. Adani awiri aakulu a m'minda ya ndiwo kumpoto chakum'mawa kwa America ndi abale a bonongwe ndi a mwamunaaligone. Mayi wa ku Dedza atalowa m'bwalo lolekereredwa la kumeneko angatuluke ndi lichero lodzaza n'kufunsa kuti nsinjiro zili kuti. Ndiponso dzungu lathu la m'chimanga ndilo timalituma kuti liphimbe nthaka udzu uchepe, pamene lawolo liyenera kutetezedwa ku udzu ngati khanda. Chimphonacho pomaliza sichikoma n'kukoma komwe, ndi madzi okhaokha. Ku Windsor kwawo kwa Dill anayamba mu 1999 kumazikumba m'kati n'kupalasa panyanja ngati mabwato. Koma zimenezo ndi zawo, ndipo munthu amene wakwanitsa kusunga bwalo lonona chotero lopanda udzu miyezi isanu ali ndi choti atiphunzitse ife a madimba a tomato ndi anyezi. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Pali zitseko zina zimene njere zimalowera mwini munda atatsegula yekha. Chachikulu ndi manyowa. Alimi a zimphona amathira ndowe ndi kompositi mochuluka chaka ndi chaka, ndipo njere zambiri, makamaka zolimba khungu ngati za bonongwe, zimadutsa m'mimba mwa ng'ombe kapena hatchi zili zamoyo. Mulu wa manyowa umazipha pokhapokha utatentha kufika madigiri 55 mpaka 60 kwa masiku angapo, ndipo uyenera kutembenuzidwa kuti za kunja zilowe pakati, chifukwa khungu la mulu silitentha. Manyowa ongounjikidwa kuseri kwa khola, bonongwe akubalira pamwamba pake, ndi mbewu ya udzu yonyamulidwa pawilibala. Udzu wouma wophimbira nawonso umabwera ndi ngala zake, kuwonjeza apo umasunga mbewa, ndipo mbewa ikaboola kunsi kwa dzungu la mpikisano ndiye kuti chaka chapita, chifukwa malamulo a bungwe loyang'anira masikelowa, Great Pumpkin Commonwealth, sawerengera chipatso chimene bowo lake lafika m'kati. Udzu wa mtundu wa dawe ndi wa kapinga uli ndi mlandu wake wapadera. Umenewo sudalira njere, umaphukira ku timibulu ndi mitsitsi ya pansi, choncho kuwaula ndi kupala pamwamba kumangoumeta. Umafuna kukumbidwa ndi foloko chaka chisanayambe, kapena lona loyalidwa nyengo yathunthu.

Kumene ambiri amagonja ndi mu Ogasiti ndi Seputembala. Dzungu lakula, alifunditsa nsalu kuti khungu lisapse ndi dzuwa, mwini wake m'mawa uliwonse ali ndi tepi akuyeza mimba yake n'kulemba m'kabuku. Maso onse ali pa chipatso. Masamba akale ayamba kufa, kuwala kwayambanso kufika pansi, ndipo m'mphepete mwa bwalo, kuseri kwa thanki ya madzi, kaudzu kamene sikanaoneke mu Julayi katulutsa ngala. Pa nthawi imeneyi udzu sungachepetsenso kwenikweni kulemera kwa dzungu la chaka chino, n'chifukwa chake amaulekerera. Mwamunaaligone amangofuna milungu yochepa kuchoka pomera kufika pobala, ndipo njere zake zimatha kumeranso chaka chomwecho. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Mphindi khumi za m'mawa uliwonse, lumo m'manja, kudula udzu pakhosi m'malo mouzula kuti mizu ya dzungu isagwedezeke, n'zokwanira pa miyezi imeneyi.

Dzungu likapita kusikelo kumayambiriro kwa Okutobala, alimi osamala sasiya bwalo lili lamaliseche. Amachotsa mayangayanga onse, n'kufesa mothinana mbewu yonga tirigu yotchedwa rye, imene imamera ngakhale kukuzizira, imapirira chisanu, ndipo mizu ndi mapesi ake zimatulutsa zinthu zofooketsa njere zing'onozing'ono. Ena amafesa mpiru. Nyengo yodzala ikafika, ena amangotembenuza pamene padzakhale m'mera, kwina konseko rye n'kumusiya ali chiimire, akumudula chigawochigawo milungu ingapo nthambi zisanafike kuti ayambe kuwola.

Ndipo pochotsa udzu wotsala pa nthawi yokololayi sausiya pamzere kuti uume monga tinazolowera. Pali kachomera kena koyanga pansi, ka timasamba tonenepa ndi tsinde lofiirira lodzaza madzi, kamene azungu amakatcha purslane, ndipo m'mabotolo a Beal njere zake nazonso zinamera patatha zaka 40. Kameneka mukakazula kali ndi maluwa n'kukasiya padzuwa, madzi a m'tsinde lake amakwana kukhwimitsa njere kali chigonere, ndipo kachidutswa kogwera pa dothi lonyowa kamatsitsanso mizu. Odziwa amayenda ndi chidebe, kuzula n'kuponyamo, n'kukataya kutali ndi bwalo, osati pa mulu wa manyowa.